Kuchita hayala ndege ya turboprop pa ulendo waufupi: zoti mufunse musanalipire

Funso: Tilipo anthu 7 ndipo tikufuna kukaona ntchito kumalo ena omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 450, n'kubwerako tsiku lomwelo. Kumeneko kuli kabwalo ka ndege ka msewu wamiyala wotalika mamita 1,200. Makampani atipatsa mitengo ya Pilatus PC-12, King Air 350 ndi Cessna Caravan, zonse ndege za turboprop (za injini ya mtundu wa jeti yozunguza pulopela), koma mnzathu wina akuti akudziwa munthu yemwe ali ndi ndege yakeyake ndipo angatitenge motchipa kwambiri. Tisankhe iti, nanga tiyang'ane chiyani?

Yankho: Tiyambe ndi ndege ya munthu amene mnzanuyo akumudziwa, chifukwa pamenepa ndi pomwe pagona moyo wanu. Aliyense wonyamula anthu pa ndege n'kulandira ndalama ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe loyang'anira za ndege m'dziko lake. A ndege amachitchula kuti AOC, ndipo ku America mudzamva akunena kuti kampaniyo ili pansi pa gawo la malamulo a ndege lotchedwa Part 135. Kuti kampani ichipeze, imayenera kuonetsa kuti ili ndi ndondomeko yokonzera ndege pa nthawi yake, kuti oyendetsa ake amayesedwa luso kawirikawiri, m'maiko ambiri miyezi 6 iliyonse, kuti maola awo ogwira ntchito ndi opuma amalembedwa, komanso kuti pali munthu wodziwika woyankha mlandu zinthu zikalakwika. Mwini ndege yakeyake sakakamizidwa zambiri mwa zimenezi, ndipo kutchipa kwa mtengo wake kumachokera pomwepo. Inshuwalansi yake nayonso kawirikawiri siteteza okwera olipira, moti ngozi itachitika mabanja anu atha kutsala manja lende.

Pa 21 Januwale 2019 katswiri wampira Emiliano Sala anafera m'nyanja ya English Channel pa ulendo wochokera ku Nantes kupita ku Cardiff. Ndegeyo inali Piper Malibu, ya injini ya pisitoni osati turboprop, koma phunziro lake ndi lomweli. Ofufuza ngozi a ku Britain anapeza kuti woyendetsayo analibe laisensi yonyamulira anthu olipira, analibe chilolezo chouluka usiku, ndiponso utsi wapoizoni wochokera ku injini unalowa m'chipinda cha okwera. Munthu amene anakonza ulendowo anaweruzidwa mu 2021 kukhala m'ndende miyezi 18. Wokwerayo analibe njira yodziwira zonsezi pongoyang'ana ndegeyo.

Choncho pemphani chithunzi cha AOC, ndipo muonetsetse kuti nambala yolembedwa pa mchira wa ndege imene mudzakwere ili pa mndandanda wa ndege zovomerezeka pansi pa chiphasocho. Kampani itha kukhala ndi chiphaso chabwinobwino koma n'kukubweretserani ndege ya mnzake yomwe siili pa mndandandawo. Pemphaninso pepala la inshuwalansi lokhala ndi nambala yomweyo, masiku amene ikugwira ntchito, ndi ndalama zimene yaikira okwera. Mukakayika, imbani foni ku bungwe lomwe linapereka chiphasocho. Ngati mukukambirana ndi mkhalapakati amene alibe ndege zake, zimenezo si zolakwika, ambiri a iwo amathandiza kwambiri, koma akuuzeni dzina la kampani yeniyeni youlutsa ndegeyo musanalipire kalikonse. Chenjeraninso ndi amene angakupatseni mapepala awiri, lina lonena kuti mwabwereka ndege yopanda woyendetsa ndipo lina lonena kuti woyendetsa mwamulemba ntchito nokha. Mukasayina zimenezo, pamaso pa malamulo inuyo ndi amene mwasanduka woulutsa ndege, ndipo mlandu wonse uli pamutu panu. Makampani ena amaonetsanso kuti anawunikidwa ndi mabungwe apadera monga ARGUS, Wyvern, kapena pansi pa ndondomeko ya chitetezo ya IS-BAO kapena BARS. Zimenezi n'zabwino kuziona, ngakhale kuti kampani yaing'ono yopanda zimenezi sikuti ndiye kuti ndi yoipa.

Tsopano ndege zitatu zija. Pa mtunda wa makilomita 450 mwalunjika bwino posankha turboprop. Injini yake ndi ya mtundu wa jeti ndithu, imayaka mafuta a Jet A-1 omwe ndi palafini woyengedwa bwino, kungoti mpweya wotentha umene mu jeti umakankha ndege potulukira kumbuyo, muno umapukusa makina ozunguza pulopela. Ndege zonse zitatu mwatchulazi zili ndi injini ya PT6A ya kampani ya Pratt & Whitney Canada, yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1964. M'kati mwake makinawo amazungulira pafupifupi ka 30,000 pa mphindi, ndipo giyabokosi imatsitsa liwiro limenelo kufika pa 1,700 pa PC-12 ndi King Air 350, kapena 1,900 pa Caravan. Pulopela imakoka mpweya wambiri ngakhale ndege isanathamange kwenikweni, n'chifukwa chake turboprop imanyamuka pa msewu waufupi pomwe jeti imafuna wautali.

Jeti imaonetsa mphamvu zake ikakwera m'mwamba kwambiri n'kukhalako nthawi yaitali. Pa ulendo wanuwu ingangomaliza kukwera n'kuyamba kutsika, komanso m'malo ambiri ndege iliyonse yomwe ili pansi pa mamita 3,000 siloledwa kupitirira makilomita pafupifupi 460 pa ola. Jeti yaing'ono ingakufikitseni m'mphindi 45 kapena 50, King Air 350 mu ola limodzi, PC-12 mu ola ndi mphindi 10, Caravan mu ola ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Ndipo jeti zambiri siziloledwa n'komwe kutera pa miyala.

Chimene chidzasankhe ndege yanu kwenikweni ndi kabwalo kaja. M'mabuku a opanga ndegezi, Grand Caravan EX yodzaza imafuna mamita pafupifupi 660 kuti inyamuke ndi kudutsa pamwamba pa chotchinga chotalika mamita 15, PC-12 yatsopano imafuna mamita pafupifupi 760, pomwe King Air 350 imafuna mamita 1,000 ndi pang'ono. Mukaona manambala amenewa mungaganize kuti mamita 1,200 ndi okwanira ndege zonse zitatu. Koma anawayezera pa msewu watala wouma, wosatsetsereka, pa bwalo lomwe lili mulingo umodzi ndi nyanja yamchere, kunja kukutentha madigiri 15 okha. Kabwalo kanu mwina sikakwaniritsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Mpweya umapepuka mukamakwera kumtunda, umapepukanso kukatentha, ndipo mpweya wopepuka umachepetsa zinthu zitatu nthawi imodzi: mphamvu ya injini, kukoka kwa pulopela, ndi kunyamula kwa mapiko. Tiyerekeze kuti kabwaloko kali pa mamita 1,500 kuchokera pa mulingo wa nyanja. Mabuku amayembekezera kuti pamenepo pazizizira madigiri 5. Masana kukatentha madigiri 30, ndege imachita ngati ili pa bwalo la mamita 2,400, ndipo msewu umene imafuna umatalika kwambiri. Mtundu wa msewu umaonjezanso pamenepo. Malangizo a bungwe loyang'anira ndege ku Britain a ndege zing'onozing'ono amati udzu wouma umaonjezera 20 peresenti pa mtunda wonyamukira, wonyowa 30 peresenti, ndipo potera pa udzu wonyowa muonjezere 35 peresenti. Miyala yosagwirana ndi dothi lofewa zimakokanso matayala chimodzimodzi. Pamwamba pa zonsezi malamulo amafuna kuti ndege yonyamula anthu olipira isiye malo otsala. Ku Ulaya, mwachitsanzo, turboprop iyenera kutha kuima isanadye 70 peresenti ya msewu wotera.

N'chifukwa chake kampani yodziwa ntchito, musanagwirizane mtengo, idzakufunsani zambiri za kabwaloko: kali pamtunda wotani, msewu wake ndi wotambalala bwanji, ukutsetsereka kuloza kuti, kumapeto kwake kuli mitengo, mawaya kapena phiri, mwini wake ndani, ndipo ndege yomaliza inaterapo liti. Kampani imene yangovomera osafunsa chilichonse mwa izi tingaikayikire. Pezani munthu amene ali pamalopo woti m'mawa wa tsiku la ulendo ayendetse galimoto msewu wonsewo, aone maenje, zithaphwi, nyumba za chiswe ndi ziweto, kenako alankhule yekha ndi woyendetsa ndege pa foni. Pemphaninso chilolezo cha mwini bwalo cholembedwa. Makampani ena, kapena inshuwalansi zawo, salola ndege zawo pa miyala ngakhale mtundu wa ndegeyo utaloledwa, chifukwa timiyala timatema pulopela ndi kukanda pamimba pa ndege. Mukadzaona woyendetsa akunyamuka mosaima kaye kumayambiriro a msewu, kapena akutera osabweza kwambiri mphamvu ya pulopela kuti aime msanga, dziwani kuti akupewa kuyamwa miyala.

Chachiwiri ndi kulemera. Mipando yokwana si umboni woti ndege ikunyamulani nonse. Titenge PC-12: siloledwa kunyamuka ikulemera kuposa makilogalamu 4,740. Yokhayokha pamodzi ndi woyendetsa mmodzi imalemera pafupifupi 3,100, ndipo matanki ake akadzaza amatenga malita 1,500 ndi pang'ono, omwe ndi makilogalamu oposa 1,200, pakuti lita imodzi ya Jet A-1 imalemera makilogalamu 0.8. Akadzaza matanki, okwera ndi katundu wawo amatsalira makilogalamu 450 okha. Inu anthu 7, titayerekeza makilogalamu 85 aliyense ndi chikwama cha makilogalamu 15, mwakwana 700. Pa ulendo wanu waufupiwu vutoli limatha chifukwa matanki safunika kudzaza: malita pafupifupi 800 angakwanire kupita, kubwera ndi otsala, ndipo zonse pamodzi zikhala pansi pa malire. Koma mukuona kuti mafuta ndi anthu amalimbirana malo amodzi, ndipo mukaonjezera anthu awiri kapena mabokosi a zida pa tsiku lomaliza, masamu onse ayambiranso.

Mafuta otsala aja sangachotsedwe kuti katundu wanu akwane. Malamulo amafuna kuti ndege ikhale ndi mafuta okafikira komwe ikupita, opitira ku bwalo lina ngati yalephera kutera, ndi ena a mphindi 30 kapena 45 malinga ndi dziko. Pa kabwalo kamiyala nthawi zambiri sipakhala mafuta, ndiye obwererawo ndege imanyamuliratu. Wina akadzati pamalopo pali mafuta a m'migolo, musiyireni woyendetsa agamule, chifukwa m'migolo mumalowa madzi ndi zinyalala, ndipo makampani ambiri amawakana pokhapokha atayezedwa ndi kusefedwa.

Akakufunsani kulemera kwa munthu aliyense, nenani zoona, ndipo akabweretsa sikelo musakhumudwe. Pa 8 Januwale 2003 ndege ya turboprop ya mtundu wa Beechcraft 1900D inagwa itangonyamuka ku Charlotte ku America ndipo anthu onse 21 anafa. Ofufuza anapeza kuti zingwe zowongolera mchira zinamangidwa molakwika pokonza, komanso ndegeyo inalemera kwambiri chakumbuyo chifukwa anawerengera okwera ndi katundu pogwiritsa ntchito manambala akale ongoyerekeza, omwe anali otsika kuposa kulemera kwawo kwenikweni. Pa 30 Novembala 2019 PC-12 ina inagwa ku Chamberlain, South Dakota, itanyamula anthu 12, yolemera kupitirira malire ndiponso molemerera kumbuyo, ndipo anthu 9 anafa. Nkhani ya kulemerera kumbuyo ili ngati njinga imene mwaimangira thumba lolemera kumapeto kwenikweni kwa kaliyala: tayala lakutsogolo limafuna kunyamuka ndipo chiwongolero chimasiya kumvera. Pa ndege mphuno imadzuka mopitirira, liwiro limatsika, mapiko n'kusiya kunyamula. Ndiye woyendetsa akakuuzani kuti inu mukhale kutsogolo, mnzanu akhale pakati, pali chifukwa. Musasinthane mipando osamufunsa.

Malinga ndi zimene mwatiuza, ife tingayambe ndi PC-12. Imapangidwa ku Stans ku Switzerland, inayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo anaipanga ndi maganizo a mabwalo ngati anuwa. Chipinda chake chimasunga mpweya wopuma, moti imakwera pamwamba pa mitambo yambiri ndi mphepo yogwedeza, ili ndi kachimbudzi, ndipo kumbuyo kuli chitseko chachikulu cha katundu chotambalala kupitirira mita imodzi. Onetsetsani chabe kuti imene akukupatsaniyo ili ndi mipando 8, poti zina zili ndi 6 yokha. King Air 350 ndi yabwino kwambiri, ili ndi injini ziwiri ndi malo okwanira anthu 8 mosapanikizana, koma pa mamita 1,200 amiyala masana otentha itha kupezeka kuti ikufuna msewu woposa umene ulipo, ndipo mafuta imamwa ambiri: malita pafupifupi 380 pa ola, pomwe PC-12 imamwa pafupifupi 250 ndipo Caravan pafupifupi 200. Caravan ndi imene ingapirire kabwalo koipa kuposa zinzake. Mapiko ake ali pamwamba, matayala ake sapindika, ndipo zambiri zili ndi mosungira katundu pansi pa mimba. Koma chipinda chake sichisunga mpweya, ndiye imauluka pansi pa mamita 3,000 komwe masana kumagwedeza, ndi yaphokoso, ndipo nthawi zambiri mulibe chimbudzi. Ngati msewuwo uli wofewa kapena wokumbika, sankhani Caravan ndipo mupirire mphindi 25 zoonjezerazo.

Anthu ambiri amaopa ndege ya injini imodzi, ngati PC-12 ndi Caravan. Mantha amenewa ndi omveka, koma PT6A yosamalidwa bwino sizimazima wamba. Zambiri zimatsegulidwa mbali yotentha pakatha maola 1,800 ndipo zimaphwasulidwa zonse pakatha maola 3,600. Ku Ulaya, komwe anakaniza kwa zaka zambiri, mu 2017 analola turboprop za injini imodzi kunyamula anthu olipira usiku ndi m'mitambo, pa makampani okwaniritsa zofunika zapadera. Injini itazima, pulopela imatembenuzidwa kuti isatchinge mphepo, ndipo PC-12 yomwe ili pa mamita 8,000 itha kuyandama makilomita opitirira 100 ikufunafuna potera. Injini yachiwiri imapindulitsa kwambiri pamwamba pa nyanja, mapiri aatali kapena nkhalango yopanda potera. Pa ulendo wamasana ngati wanu, ife tingaike ndalama pa woyendetsa wachiwiri tisanaganize za injini yachiwiri, chifukwa ngozi zambiri za ndege zotere zimayamba ndi chiganizo cholakwika cha munthu, ndipo anthu awiri amadzudzulana. Ndege zitatu zonsezi zimatha kuyendetsedwa ndi munthu mmodzi, ndiye funsani kuti mtengo mwapatsidwawo ndi wa oyendetsa angati. Funsaninso maola amene wamkuluyo wauluka pa mtundu womwewo wa ndege, ndiponso ngati anaterapo pa kabwalo kameneko kapena kofanana nako.

Pa nkhani ya mtengo, musafanizire mtengo wa ola limodzi. Fanizirani ndalama yonse ya ulendo, yolembedwa. Ndege imalipitsa kuyambira pamene yachoka komwe imagona. Ngati ikuchokera ku bwalo lina la mphindi 40 kudzakutengani, ndiye kuti pa maola 2 ndi mphindi 20 amene mudzakhale m'ndege, mudzalipira maola 3 ndi mphindi 40, chifukwa kubwera ndi kubwerera kwake yopanda anthu kuli pa inu. Motero ndege yokwera mtengo pa ola yomwe imagona pa bwalo lomwe mukunyamukira itha kukhala yotchipa kuposa ina yakutali. Caravan ndi yotsika mtengo pa ola, koma ulendo wanu idzauyenda maola opitirira 3, ndiye kusiyana kwake ndi PC-12 kumachepa. Funsani ngati maola akuwerengedwa kuyambira pamene matayala achoka pansi kapena pamene ndege yayamba kusuntha pomwe inaima, poti njira yachiwiriyi imaonjezera mphindi 10 kapena kuposerapo pa kuuluka kulikonse. Makampani ambiri alinso ndi maola ochepetsetsa amene amalipitsa pa tsiku, kawirikawiri 2, ngakhale mutauluka ochepera pamenepo.

Pamwamba pa maola pamabwera ndalama zoterera pa bwalo, zoimikira, za ogwira ntchito pansi, zodikirira, msonkho, ndipo mukagona kumeneko, malo ogona ndi chakudya cha oyendetsa. Zonsezi zionekere pa pepala. Mu mgwirizano werengani mosamala zinthu zitatu. Mukasintha maganizo mudzataya ndalama zingati, poti chilango chimakwera tsiku likamayandikira. Ndege ikawonongeka m'mawa wa ulendo adzakupatsani iti, ndipo muli ndi ufulu woikana kapena ayi, chifukwa ina yolowa m'malo mwina singathe kutera pa kabwalo kanu. Ndipo nyengo ikakubwezani panjira kapena kukutsitsani pa bwalo lina, maola amenewo alipira ndani. Mudzamvanso za maulendo otchipa a ndege zimene zikubwerera zopanda anthu. Ndi otchipadi, koma amadalira ulendo wa munthu wina, ndipo iye akasintha nthawi wanunso wasintha. Pa ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo sangakuthandizeni.

Tsiku limodzi ndi lalifupi kuposa mmene anthu amaganizira. Oyendetsa ali ndi malire a maola ogwira ntchito. Ku America, pa maulendo ahayala, tsiku lawo silipitirira maola 14, ndipo maola ouluka ndi 8 kwa woyendetsa mmodzi kapena 10 akakhala awiri. Maiko ena ali ndi malire ofananako. Maolawa amayamba pamene iwo afika pa ntchito, inu musanadzuke mwina. Ngati anayamba 5 koloko m'mawa kukonzekera ndi kubweretsa ndege, pofika 7 koloko madzulo ayenera kukhala ataifikitsa komwe imagona, ndipo msonkhano wanu ukatalika palibe ndalama imene ingasinthe lamulolo. Kabwalo kamiyala nthawi zambiri kalibe magetsi, ndiye dzuwa likalowa simunyamuka. Kalibenso zida zotsogolera ndege m'mitambo, kutanthauza kuti woyendetsa ayenera kuwona msewu ndi maso ake. Kukachita chifunga kapena mitambo yotsika adzazungulira pang'ono n'kupita ku bwalo lina. Mvula yamabingu imakonda kukula masana kukatentha, ndipo mitambo yake imafika mamita 12,000 kapena kuposa, pomwe PC-12 siipitirira mamita 9,100 ndipo King Air 350 siipitirira 10,700. Mitambo yotere ndege imailambalala, ndipo kulambalalako kumadya nthawi ndi mafuta.

Kunyamuka kovuta kwambiri pa tsiku lanu kudzakhala kwa pobwerera: msewu waufupi, dzuwa lili pamutu, nonse muli m'ndege. Pemphani kampani ikuwerengereni kunyamuka kumeneko pa kutentha kwenikweni kwa mwezi umenewo, osati kwa m'mawa. Yankho litha kukhala loti munyamuke isanakwane 11 koloko m'mawa kapena mudikire chakumadzulo kukazizira, kapena katundu wina abwere pa galimoto. Ikani nthawi yobwerera pafupifupi maola 2 dzuwa lisanalowe kuti patsale mpata, ndipo woyendetsa akanena kuti tiyeni tizipita tsopano kapena lero sizitheka, musamukakamize. Okwera amene akuumirira kukafika kwawo amatha kukankhira woyendetsa pa chiganizo chimene payekha sakanachita, makamaka wolipirayo akakhala kumbuyo kwake kwenikweni.

Katundu muike m'zikwama zofewa, chifukwa masutukesi olimba salowa m'malo opapatiza. Ngati muli ndi zida zantchito, tumizirani kampani kutalika, kutambalala ndi kulemera kwake masiku angapo ulendo usanafike. Malamulo a katundu woopsa amagwiranso ntchito pa ndege yahayala. Mabatire a lithium apadera muziyenda nawo m'chikwama cha m'manja, nsonga zake zitaphimbidwa, ndipo opitirira 100 Wh (muyezo wa mphamvu ya batire) amafuna chilolezo cha kampani, pomwe opitirira 160 Wh saloledwa ngati katundu wa wokwera. Petulo, mabotolo a gasi, penti, mankhwala oyaka ndi jenereta yomwe inathiridwapo mafuta, zonsezi muziulule musanafike pa bwalo. Ngati ulendowo ukudutsa malire a dziko, simungalunjike pa kabwalo kaja: muyenera kutera kaye pa bwalo lomwe lili ndi a kasitomu ndi oona za olowa ndi otuluka, ndipo chilolezo choti ndege ilowe m'dziko lina chimatha kutenga masiku angapo.

Pa bwalo, choopsa kwambiri kwa wokwera ndi pulopela. Ikamazungulira mwamphamvu sioneka. Nyali yofiira ikamaphethira pa ndege ndiye kuti injini ikulira kapena yatsala pang'ono kulizidwa, choncho musayandikire mpaka woyendetsa atakukodolani, ndipo muyende njira imene wakulozerani. Ngakhale injini itazima musadutse pakati pa mipeni ya pulopela kapena kuitsamira, chifukwa pa PT6A pulopela siinamangidwe molimba ku mbali ina ya injini ndipo mphepo yokha imatha kuizunguza. Mapaipi otulutsira utsi pafupi ndi injini amakhala otentha kwa nthawi. Ana muwagwire dzanja, zipewa ndi mapepala muzigwire bwino. Pa Caravan mutha kuona kandodo kachitsulo katachirikiza mchira pamene akukweza katundu. Ntchito yake ndi kuletsa ndege kukhalira mchira, ndipo woyendetsa amakachotsa yekha asananyamuke.

Mvetserani pamene akukuonetsani katsegulidwe ka zitseko, ndipo mmodzi wa inu ayese kugwira chotsegulira ndi dzanja lake, poti m'ndege zotere mulibe wothandiza okwera. Lamba wa paphewa mumange ponyamuka ndi potera, wa m'chiuno musamasule ulendo wonse. Ponyamuka ndi potera musalankhulitse woyendetsa. Phokoso limakula pa mipando yoyandikana ndi pulopela, choncho funsani ngati ali ndi zotseka m'makutu, ndipo amene amachita mseru apemphe mpando wa pafupi ndi mapiko pomwe sipagwedezeka kwambiri, adye mopepuka, ayang'ane kutali panja. Amene ali ndi chimfine chotseka mphuno amamva kupweteka m'makutu ndege ikamatsika, makamaka mu Caravan, ndipo kumeza malovu kapena kuyasamula pafupipafupi kumathandiza. Wodwala mtima kapena mapapo, kapena mayi woyembekezera amene watsala pang'ono, aonane kaye ndi dokotala ndipo kampani idziwitsidwe pamene mukupempha mtengo, kuti ngati pakufunika okosijeni kapena ndege yosunga mpweya zikonzedwe nthawi ikadalipo.